Kusumira Limodzi Malipiro Amene Sitidalandire

Mawu oyankhulidwa pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera



Ndapemphedwa kuti ndiyankhule za ngongole imene sitikonda kuitchula dzina lake lenileni, ngongole imene wolemba ntchito amakhala nayo kwa munthu amene wamugwirira ntchito koma sadamulipire. Timati "abwana sadatiganizirebe," kapena "zinthu sizidayende bwino chaka chino," ngati kuti malipiro ndi mphatso yobwera mwa chifundo. Ndipo mukaunguza bwino mupeza kuti vutoli siligwera munthu mmodzi. Kontilakitala akathawa, amathawa ndi thukuta la amisiri onse, otunga madzi ndi oswa miyala omwe. Kampani ya alonda ikadumphitsa miyezi, imadumphitsa ya alonda onse. Mwini esiteti akanena kuti fodya sadagulidwe bwino kuokushoni, mabanja onse a pafamupo amagona ndi njala tsiku limodzi. Tsono popeza bala ndi la gulu, ndikufuna tikambirane za mankhwala a gulu, ndiko kudandaula ndi kusuma antchito ali pamodzi.

Tiyambe ndi zimene malamulo akunena, pakuti ambiri timaopa kufunsa chathu chifukwa chosadziwa kuti ndi chathu. Gawo 31 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la zantchito la Employment Act, la chaka cha 2000, limalongosola mwatsatanetsatane. Wolemba anthu ntchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupatsa aliyense chikalata chonena za ntchito yake ndi malipiro ake. Maola a ntchito pasabata ndi 48, ndipo opyola pamenepo ndi ovataimu, yomwe ili ndi mtengo wake wokwererapo. Ntchito ikatha, kaya mwachotsedwa kaya kontilakiti yafika kumapeto, zonse zimene mukuyenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7. Boma limaikanso malipiro otsikitsitsa amene munthu sayenera kulandira ochepera pamenepo: m'chaka cha 2021 adali K50,000 pamwezi, ndipo mu 2024 adakwezedwa kufika pa K90,000. Amene amakulipirani ochepera malipiro amene boma lalengeza ali nanu ngongole ya ndalama zotsalazo, ngakhale mudavomera ndi pakamwa panu tsiku limene munkafuna ntchito muli ndi njala.

Chimodzi chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: lamulo lomweli limati kudandaula kapena kusumira wolemba ntchito si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Ndikudziwa kuti zolembedwa m'buku ndi zochitika kumunda nthawi zina zimasiyana. Koma kapitawo amene angathe kuthamangitsa munthu mmodzi wolongolola amayamba waganiza kawiri pamene odandaula ali makumi anayi ndipo maina awo ali kale kuofesi ya zantchito.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu mmodzi amalephera? Tiyerekeze motere. Kontilakitala walemba anthu 40 pomanga mlatho, aliyense pa K90,000 pamwezi, ndipo wawagwiritsa ntchito miyezi itatu osawapatsa kanthu. Munthu aliyense ali ndi K270,000 yake kumeneko. Kwa ife ndalama imeneyi ndi feteleza, fizi ya mwana ndi malata angapo. Koma woifuna payekha ayenera kukwera minibasi kupita kuboma, kubwerera, kupitanso, mwina kukafika mumzinda kumene kuli khoti, kukagona kwa achibale, kusiya munda uli thengo. Akawerengera amaona kuti ulendo udya theka la chimene akulondola, ndipo amangoti "Mulungu ndiye adziwa." Wolemba ntchito wachinyengo amaidziwa bwino samu imeneyi, ndipo ndi imene amadalira. Tsopano aphatikizeni anthu 40 aja. Ngongole yafika K10,800,000. Ulendo ndi umodzi, woyenda anthu awiri kapena atatu oimira anzawo. Umboni wa mmodzi ukuchirikiza wa mnzake. Loya amene sakadataya nthawi yake pa K270,000 ayamba kutchera khutu. Makolo adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pano mwambiwu ukuoneka ndi manambala omwe.

Njira yake imayambira pafupi, kuofesi ya zantchito ya paboma, imene ambiri timaitchula kuti kuleba. Mkulu wa ofesiyi ali ndi mphamvu yoitanitsa wolemba ntchito, yolowa pamalo a ntchito ndi yoona mabuku a malipiro. Nkhani zambiri zimathera pomwepo, wolemba ntchito n'kusaina kuti adzalipira mwakutimwakuti. Zikakanika, nkhani imapita kubwalo loweruza milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Bwaloli lidakhazikitsidwa kuti munthu wamba azitha kufikako popanda miyambo yambiri ya makhoti ena, ndipo mtsogoleri wa bungwe la antchito angathe kuimira mamembala ake. Mlandu wa gulu umalembedwa m'dzina la munthu mmodzi "ndi anzake ena" akutiakuti, maina onse n'kulumikizidwa kumapeto. Wosakhutira ndi chigamulo pa mfundo ya malamulo amachita apilo ku High Court. Kwa osowa ndalama yolipira loya kuli bungwe la boma la Legal Aid Bureau, komanso mabungwe a antchito amene ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, monga la ogwira ntchito m'minda ya fodya ndi la ogwira ntchito m'minda ya tiyi.

Ndichedwe pang'ono pa nkhani ya umboni, chifukwa milandu yambiri ya antchito imafera pamenepa. Woweruza sadali nanu pamene munkasenza simenti. Iye amaona zimene mwamuikira patebulo. Tsono sungani chilichonse: kakhadi kantchito, tikiti imene kapitawo ankachonga masiku, kapepala kamalipiro a mwezi umene mudalandirako, uthenga wa pafoni wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti ndalama idachokera kwa yani ndipo idali zingati, uthenga wa pa WhatsApp umene abwana adalemba kuti "pirirani, mulandira sabata yamawa." Uthenga woterewu ndi wamtengo wapatali, pakuti mwini wake wavomera yekha kuti ngongole ilipo. Musaufufute pofuna malo a nyimbo. Ngati palibe pepala lililonse, gulani kope la ana asukulu, mmodzi mwa inu azilemba tsiku ndi tsiku amene abwera kuntchito, nthawi yoyambira ndi yowerukira, aliyense n'kusaina kapena kudinda chala. Kope lolembedwa pa nthawi ya ntchito limalemera kuposa mawu okumbukira patapita zaka ziwiri. Ndipo kusowa kwa kontilakiti yolembedwa kusakufooketseni. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo amene adalephera udindo wolemba ndi wolemba ntchitoyo, osati inu.

Dziwaninso dzina lenileni la amene adakulembani. Ambiri timangodziwa "a Bwana" kapena dzina la kapitawo. Mlandu wosumira munthu wolakwika umagwa usadayambe n'komwe. Onani dzina la kampani pachikwangwani cha pulojekiti, pagalimoto, pa yunifolomu, pachidindo cha kalata. Lembani monga lalembedwera.

Pali mwambi umene timaukonda, wakuti mlandu suwola. Pabwalo la mfumu ndi zoona: nkhani ya malire a munda imadzuka ngakhale eni ake adagona kalekale. Koma kukhoti mlandu umawola. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokha yokadandaula kuofesi ya zantchito kuchokera tsiku limene adachotsedwa. Ngongole yochokera m'pangano, monga malipiro, nthawi yake yosumira ndi zaka 6. Zaka zimenezi zimaoneka zambiri, koma m'kati mwake mboni zimabalalika, wina wapita ku Joni, wina wamwalira, foni ija yatayika, kampani yasintha dzina. Amene amakuuzani kuti "dikirani, tikonza" mwezi ndi mwezi nthawi zina akungodikira kuti nthawi imugwirire ntchito.

Tsopano ndikutengereni kutali pang'ono, kuti muone kukula kumene mlandu wa gulu ungafike. Nonse mukuudziwa utenanti. Banja limachoka ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Machinga, n'kukwezedwa lole kupita kuesiteti ku Kasungu, ku Mchinji kapena ku Mzimba. Mwini munda amapereka malo, mbewu, feteleza ndi chimanga cha phoso, zonse pangongole. Banja lonse limagwira, kuyambira kunazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha mpaka kudinda mabelo. Malipiro amabwera kamodzi, fodya akagulitsidwa, ndipo mtengo amatchula ndi mwini munda. Akachotsera phoso, feteleza, mankhwala a mwana amene adadwala mu Febuluwale ndi ndalama ya lole ija, chotsala chimakhala chochepa, ndipo ena amauzidwa kuti ngongole yawo ndiyo yatsala, akhalenso chaka china. Popeza ndime ndi yaikulu kuposa manja a bambo ndi mayi, ana amasiya sukulu n'kulowa m'munda.

Mu Disembala 2020, alimi a utenanti a m'dziko muno pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo, onse oposa 7,000, adasumira makampani awiri akuluakulu opanga ndudu, British American Tobacco ndi Imperial Brands, kubwalo la High Court mumzinda wa London, kudzera mwa maloya a kampani ya Leigh Day. Dandaulo lawo lidali lakuti makampaniwa adalemera ndi fodya wolimidwa mokakamiza ndiponso ndi manja a ana, akudziwa mmene zinthu zilili m'mindamo. Makampaniwo adakana, napempha bwalo kuti lithetse mlanduwo usadamvedwe, ponena kuti alimiwo sangathe kusonyeza kuti fodya wa m'minda yawo ndiye adakathera m'ndudu za makampaniwo, popeza pakati pali makampani ena ogula masamba. Mu Juni 2021 woweruza Martin Spencer adakana pempholo, nalamula kuti mlandu upitirire. Ndinene momveka kuti chigamulo chimenecho sichidanene kuti makampaniwo ndi olakwa. Chidangotsegula chitseko kuti nkhani imvedwe. Komabe taganizani: tenanti mmodzi, wosadziwa Chingerezi, wopanda ndalama yofikira ngakhale ku Kanengo, akadalota bwanji zoimika kampani yotere pamaso pa woweruza ku London? Chidawafikitsa kumeneko ndi kuchuluka kwawo. Onaninso kuti mkangano waukulu udagona pa mapepala, pa funso lakuti belo ili lidachoka m'munda wa yani ndipo lidapita kuti. Ndi nkhani yomwe ija ya kope la ana asukulu, yangokula msinkhu.

M'chaka chomwecho cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito ndi kuletsa utenanti m'dziko muno. Tanthauzo lake n'lakuti wogwira ntchito pamunda wa wina ayenera kulembedwa ngati wantchito ndi kulandira malipiro ake m'nthawi yake, osadikira okushoni. Amene ali ndi abale kumaesiteti awauze zimenezi.

Chitsanzo china chikukhudza agogo athu ndi atate athu amene adapita ku Wenela ndi ku Theba. Achikulire akukumbukira kuti boma lidaimitsa ulendowu mu 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndi kuti udayambiranso patapita zaka zochepa kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ambiri adabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosamva mankhwala, chifukwa cha fumbi la miyala limene limaumitsa mapapo, matenda otchedwa silicosis, amene amaitananso chifuwa chachikulu. Mu 2016 bwalo la High Court ku Johannesburg lidalola kuti ogwira ntchito m'migodi ya golide asume ngati gulu limodzi. Mu 2018 makampani 6, kuphatikizapo Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields ndi Harmony, adavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni za South Africa, bwalo lidavomereza panganolo mu 2019, ndipo padakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizilipira odwala ndi mabanja a omwalira, a m'dzikomo ndi ochokera m'maiko oyandikana nalo. Iyi ndi nkhani ya chipukuta misozi, osati ya malipiro a pamwezi, koma phunziro lake ndi lathu. Mlandu udapambana, komabe ambiri adamwalira ndalama isadawafike, ndipo amene adataya mapepala awo a kumgodi avutika kutsimikiza kuti adagwirako ntchito. Ndiwonjezere chenjezo: kulembetsa ku Tshiamiso Trust n'kwaulere. Munthu woyenda m'midzi ndi chikwama n'kumatolera ndalama kwa amayi amasiye kuti "awafulumizitsire za ku Joni" mumufunse mafunso ambiri, ndipo mudziwitse mfumu.

Ndingakhale ndikukunamizani nditati gulu lilibe matenda ake. Loyamba ndi atsogoleri ogulidwa. Wolemba ntchito wochenjera salimbana ndi anthu 40; amaitana awiri oimira anzawo madzulo, n'kuwapatsa zawo zonse ndi kena kapamwamba, mawa lake mlandu wazizira. Choncho sankhani oimira osachepera atatu, pakhale ndi mayi, ndipo mugwirizane molemba kuti palibe pangano lililonse limene lidzasainidwe gulu lonse lisadamve. Lachiwiri ndi zopereka. Ndalama ya thiransipoti imene mukusonkha ilembedwe, ndipo msungichuma aziwerenga poyera pamsonkhano uliwonse, monga timachitira kubanki m'khonde. Lachitatu ndi maina a mizukwa. Mlandu ukayamba kununkhira ndalama, pamabwera alamu ndi adzukulu amene sadagwireko fosholo ngakhale tsiku limodzi. Dzina limodzi labodza likagwidwa pamaso pa woweruza limadetsa maina onse oona. Ndipo mukapeza loya, mumvane poyamba, molemba, za malipiro ake: ndi zingati, adzatenga liti, ndipo ndalama ya chigamulo idzafikira m'manja mwa yani. Kufunsa zimenezi si mwano.

Pali chiyeso china chimene ndachiona chikuwononga milandu yabwino. Anthu akatopa ndi kudikira amakatenga simenti, mawilibala kapena malata a kontilakitala kuti adzilipire okha, ena amatseka msewu kapena kutsekera kapitawo m'nyumba. Mkwiyo wake ndi womveka. Koma tsiku lomwelo nkhani imatembenuka: amene adali wodandaula asanduka woimbidwa mlandu wakuba, ndipo amene adadya malipiro a anthu ndiye akukapereka sitetimenti kupolisi ngati wolakwiridwa.

Kupambana mlandu sikutanthauza kuti ndalama yalowa m'thumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chigamulo chikatuluka, wolemba ntchito wina amalipira, wina amachita apilo, wina amangokhala chete. Wokhala cheteyo amafunika kubwereranso kukhoti kuti asherifu akalande katundu wake ndi kumugulitsa. Kampani ikagwa, lamulo limaika malipiro a antchito pakati pa ngongole zoyamba kulipidwa. Koma kukhala patsogolo pamzere kulibe phindu ngati nkhokwe yapsa kale, ndipo n'chifukwa chake gulu liyenera kudzuka mwezi woyamba kapena wachiwiri umene malipiro adumpha, galimoto za kampani zikadali pabwalo. Onetsetsaninso za penshoni: kumene wolemba ntchito amakudulani 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, iye ayenera kuikapo 10 kwacha ndi kutumiza zonse kukampani yosunga penshoni. Ndalama yodulidwa koma yosatumizidwa ndi ngongolenso, ndipo ilowe m'dandaulo lanu.

Nditembenukire kwa ife a komiti ndi kwa inu mafumu, pakuti gawo lina la vutoli limabadwira m'manja mwathu. Midadada ya sukulu, milatho, zipatala zazing'ono ndi misika imene khonsolo imamanga ndi ndalama za chitukuko imamangidwa ndi ana athu omwe, olembedwa ndi makontilakitala. Kontilakitala salandira ndalama yonse tsiku limodzi. Amalandira m'magawo, ntchito ikayenderedwa, ndipo gawo lina limasungidwa kufikira zitatsimikizika kuti chomangacho chilibe vuto. Ife tikamayendera timayang'ana ming'alu ya khoma ndi kulimba kwa denga, koma sitifunsa amene adaumba njerwa ngati adalandira. Maganizo anga ndi akuti funso limeneli lizifunsidwa paulendo uliwonse woyendera, antchito ali okha, kapitawo atapatuka, ndipo yankho lake lizilembedwa m'lipoti lopita kwa khansala ndi kwa bwanamkubwa ndalama yotsatira isadatuluke. Nthawi yogwira kontilakitala ndi imene akadali ndi chake kukhonsolo. Akalandira chomaliza n'kukweza makina ake palole, kumupeza kumafuna masamani.

Mafumu, bwalo lanu ndi lofunika, ndipo nkhani zambiri za maganyu zimathera mwamtendere pansi pa mtengo wanu. Pempho langa ndi lakuti pangano lililonse lopangidwa pamaso panu lilembedwe, litchule ndalama ndi tsiku lolipira, mbali zonse zisaine, inu mudinde chidindo, ndipo gulu lisunge pepala lake. Tsiku likadutsa popanda malipiro, musawasungenso anthu ndi masabata ena a chiyembekezo. Apatseni kalata apite kuleba, pepala lija lili m'manja.

Amene muli ndi dandaulo lotere panopa, kaya ndi la pamlatho, la paesiteti kapena la ulonda, musabalalike msonkhano ukatha. Khalani pansi ndi anzanu amene mudagwira nawo ntchito, mulembe maina onse, tsiku limene aliyense adayamba ndi limene adasiya, ndalama imene mudapangana, imene mudalandirako ndi imene yatsala, ndipo musankhe okuimirani. Pepala limenelo likopedwe kawiri, lina likhale kwa mlembi wa komiti, lina mupite nalo kuofesi ya zantchito.